Fayilo imene mukaifufuta imabweranso: mmene mungagwirire chimene chikuilemba

M'mawa wina wa mu June, kuzizira kwa kuno ku Mzuzu kuli pachimake, mayi wina amene amalemba makalata pasukulu ina ku Chibavi anafika pabenchi yanga yokonzera makompyuta atakulunga laputopu m'chitenje. Asanakhale pansi n'komwe anati, "Achimwene, makinawa alowa chiwanda. Pali kafayilo pa desktop, ndinakafufuta Lolemba, Lachiwiri kanabwera. Ndakafufutanso dzulo, ndi Recycle Bin yomwe ndakhuthula, lero m'mawa kali pompaja kakundiyang'ana." Mwana wawo anali atagamula kale kuti ndi vayirasi, ndipo mnyamata wina wa mumsika anali atawatchulira mtengo woti afomate zonse.

Sitinafomate. Ntchitoyo inatenga ola limodzi ndi theka, ndipo nthawi yambiri tinkangodikira. Njira imene tinatsata ndi imene ndilongosole pano, ya makompyuta a Windows 10 ndi Windows 11, poti ndiwo ali m'maofesi, m'masukulu ndi m'zikwama za ophunzira a ku Mzuni.

Amene analimapo mbatata amaidziwa mfuko. Mukasalaza kamulu ka dothi kamene yafukula, mawa mupeza kena, chifukwa chimene mwamenyacho ndi dothi chabe, mwini wake ali pansi. Fayilo nayo sidzilemba yokha. Ikabweranso ndiye kuti pali pulogalamu imene ikuilemba, kapena pali malo ena kumene ikukopedwa. Ntchito yonse ili pa kupeza wolembayo.

Choyamba: lekani kufufuta, tengani pepala

Fayiloyo ndi umboni wanu, ndiye isiyeni kaye. Musaitsegule poidina kawiri.

Yambani ndi kuona dzina lake lonse. Windows imabisa mchira wa dzina, zilembo zitatu kapena zinayi za pambuyo pa kadontho zija, ndipo mchirawo ndi umene umanena mtundu wa fayilo. Tsegulani File Explorer. Pa Windows 10 dinani View pamwamba, chongani File name extensions ndi Hidden items. Pa Windows 11 mudutsa pa View, kenako Show, muzipeza pamenepo. Mukatero, chimene chinkaoneka ngati chithunzi chotchedwa ukwati.jpg chikhoza kuonekera kuti ndi ukwati.jpg.exe, ndipo imeneyo ndi nkhani ina.

Kenako dinani fayiloyo ndi batani la kumanja la mausi, sankhani Properties. Lembani papepala dzina lonse, foda imene ili, kukula kwake, ndi nthawi imene yalembedwa pa Created ndi pa Modified. Nthawiyo musaipeputse. Kwa mayi aja fayilo inali status.log, ya makilobayiti atatu, yolengedwa 7:34 m'mawa. Nditawafunsa nthawi imene amayatsa kompyuta anati akangofika, cha m'ma hafu seveni. Apo tinadziwiratu kuti wolembayo amadzuka limodzi ndi Windows.

Chachiwiri: onani ngati si mwana wa pakhomo

Mafayilo ambiri amene anthu amandibweretsera ali ndi mantha ndi a Windows yomwe, kapena a mapulogalamu abwinobwino. Kawirikawiri amayamba kuoneka munthu wina atasintha zoti zobisika zizioneka, mwina pokonza vuto lina, n'kuiwala kubwezera.

Wotchuka kwambiri ndi desktop.ini. Imasunga mmene foda iyenera kuonekera, monga kachizindikiro kake ndi dzina limene limaonetsedwa. Pa desktop mumaipeza iwiri, ndipo si kuti yaswana: ina ndi ya desktop yanu, ina ndi ya foda ya C:\Users\Public\Desktop imene onse ogwiritsa kompyutayo amagawana. Mukaitsegula ndi Notepad muona mzere woyamba wakuti [.ShellClassInfo]. Ifufuteni kakhumi, Windows idzailembanso ikaifuna. Mankhwala ake ndi kuibisa: mu File Explorer pitani pa Options, tsamba la View, chongani Hide protected operating system files.

Thumbs.db imasunga tizithunzi tating'ono timene timaoneka mukatsegula foda ya zithunzi. Inali paliponse m'nthawi ya Windows XP. Kuyambira pa Windows Vista tizithunzito timasungidwa malo amodzi, koma Thumbs.db imalembedwabe m'mafoda ogawana pa netiweki ya muofesi, ndipo imayenda m'mafulashi akale.

Fayilo yoyamba ndi ~$ ndi ya Word kapena Excel. Mukatsegula kalata, Word imalemba kafayilo kakang'ono, ka mabayiti 162, kosunga dzina la amene watsegula kuti wina asalembe pamwamba pake. Mukatseka bwino kamachoka kokha. Magetsi akazima mwadzidzidzi pa kompyuta ya patebulo yopanda UPS (batire yoigwirizira magetsi akazima), kamatsala, ndiye kuno kwathu timakaona pafupipafupi. Word ikakhala yotseka mukhoza kukafufuta, koma kabweranso nthawi iliyonse mukatsegula kalata ija. LibreOffice imachita zofanana, yake imayamba ndi .~lock.

Pa fulashi ndi pa memori khadi ndiye pamakhala msonkhano wa alendo. System Volume Information imalembedwa ndi Windows mukangolowetsa fulashi. Zotchedwa .DS_Store, .Trashes, .Spotlight-V100 ndi mafayilo oyamba ndi kadontho ndi kamzere ka pansi zikutanthauza kuti fulashiyo inalowapo pa kompyuta ya Apple. LOST.DIR ndi foda yotchedwa Android zimalembedwa ndi foni, ndipo zidzabwerera nthawi iliyonse khadiyo ikabwerera m'foni. FOUND.000 yokhala ndi mafayilo a mchira wa .CHK ndi zidutswa zimene Windows inatola pokonza disiki imene inazulidwa ikulemba.

Pamutu pa C:, disiki imene Windows imakhalamo, pali pagefile.sys, swapfile.sys ndi hiberfil.sys. Ndi zazikulu, zina magigabayiti angapo, ndipo munthu amene disiki yamuthera amaziyang'ana ndi diso la njala. Zisiyeni. Ya hiberfil.sys yokha imachoka mukazimitsa hibernate (kuzima kwa kompyuta itasunga zonse zimene munatsegula) ndi lamulo lakuti powercfg /h off, koma pa laputopu ine sindilangiza, chifukwa ndiyo imasunga ntchito yanu batire ikafika kumapeto.

Palinso foda yopanda kanthu yotchedwa inetpub imene inatulukira pa C: m'makompyuta ambiri pambuyo pa update ya Windows ya mu April 2025. Anthu ambiri anaifufuta poganiza kuti ndi zinyalala, koma Microsoft inanena kuti inaikidwa dala ngati mbali yotsekera chibowo cha chitetezo, ndipo isachotsedwe.

Ngati fayilo yanu ili m'gulu limeneli, ntchito yathera pano. Ngati mulibe, lembani dzina lake lonse pa Google, koma samalani ndi masamba amene pa dzina lililonse amakuuzani kuti ndi vayirasi n'kukupatsani pulogalamu yoti mugule.

Chachitatu: suzumirani m'kati osaiyendetsa

Tsegulani Notepad payokha, kenako kokani fayiloyo ndi mausi n'kuiponya m'kati mwa Notepad. Njira imeneyi imaonetsa zolembedwa popanda kuyendetsa chilichonse. Osasunga kanthu potuluka.

Mukaona mizere ya mawu yokhala ndi madeti, ndi logi, buku limene pulogalamu imalembamo madandaulo ake, ndipo nthawi zambiri imadzitchula dzina. Fayilo ya debug.log imene imapezeka m'mafoda osayembekezeka kawirikawiri imachokera kwa Chrome kapena mapulogalamu ena omangidwa pa maziko omwewo a Chromium. Mukaona zilembo zosamveka, yang'anani zoyambirira zenizeni. Zikakhala %PDF ndi PDF. Zikakhala PK ndi zip, kapena kalata ya docx kapena xlsx, poti zimenezi m'kati mwake ndi zip. Zikakhala MZ, imeneyo ndi pulogalamu yoyenda, kaya dzina lake likunamizira kuti ndi nyimbo kapena chithunzi. MZ ameneyu si wa pa nambala za galimoto za kuno, ndi zilembo zoyamba za dzina la Mark Zbikowski, katswiri wa ku Microsoft amene anakonza mtundu wa mafayilowu m'nthawi ya MS-DOS.

Michira yoyenera kukudzidzimutsani ikapezeka pamalo pamene simunaiike ndi .exe, .scr, .vbs, .js, .bat, .cmd ndi .lnk. Yotereyi mukhoza kuitumiza pa virustotal.com kuti ma antivayirasi ambirimbiri aiunike nthawi imodzi. Koma dziwani kuti chimene mwatumiza kumeneko chimasungidwa ndipo akatswiri ena amatha kuchiona, ndiye kalata ya malipiro a antchito kapena mndandanda wa odwala musatumize.

M'fayilo ya mayi aja munali mzere umodzi wobwerezedwa, deti, nthawi, ndi mawu achingelezi onena kuti chipangizo sichikupezeka. Chipangizo chanji, sinanene.

Chachinayi: ibwera liti?

Tsopano ifufuteni, koma mwadongosolo, diso lili pa wotchi. Tsekani mapulogalamu onse, zulani fulashi, zimitsani Wi-Fi kapena hotspot ya foni. Fufutani, dikirani mphindi zisanu. Ikabwera pompo, wolembayo ali maso pakali pano. Ikapanda kubwera, bwezerani zinthu chimodzichimodzi, mukuyang'ana pakati pa chilichonse: intaneti, kenako pulogalamu imene mumagwiritsa tsiku lililonse, kenako fulashi, pomaliza Restart. Mukabwezera ziwiri nthawi imodzi simudziwa kuti walakwa ndani.

Ikabwera intaneti itangolowa, yang'anani ngati foda ili pansi pa OneDrive, Google Drive kapena Dropbox. Pa makompyuta ambiri atsopano Desktop ndi Documents zimakhala zolumikizidwa ku OneDrive mwini wake osadziwa. Kompyuta ina kapena foni imene ili pa akaunti yomweyo ikhoza kumaikwezanso fayilo imene inu mwafufuta. Dinani kamtambo kali pafupi ndi wotchi, sankhani Pause syncing kwa maola 2, fufutaninso. Ikasiya kubwera, kaifufuteni pa tsamba la OneDrive lenilenilo ndi pa makina enawo.

Ikakhala kompyuta ya mu kafe kapena mu labu ya sukulu, ndipo chilichonse chimene mwafufuta chimabwerera pa Restart pamene chimene mwasunga chimasowa, mwina muli Deep Freeze kapena pulogalamu yofanana nayo, imene imabwezeretsa disiki mmene inalili. Funsani mwini wake, palibe chimene chawonongeka.

Pali chinanso chimene chimasokoneza anthu, makamaka obena nyimbo. Mwafufuta nyimbo pa memori khadi, zaoneka kuti zachoka, mwazula n'kulowetsanso, zonse zabwerera. Mwafomata, zabwererabe. Khadi yotere nthawi zambiri yatopa, yadzitseka yokha kuti izingowerengedwa osalembedwanso. Onani kaye kabatani ka Lock m'mbali mwa adaputala. Ngati kali bwino, koperani zonse lero lomwe, mugule ina. Palibe pulogalamu imene ingaitsitsimutse.

Chachisanu: mutchere msampha ndi Process Monitor

Apa ndi pamene pali nyama. Process Monitor ndi pulogalamu yaulere ya gulu la Sysinternals, limene anayambitsa Mark Russinovich ndi Bryce Cogswell mu 1996, Microsoft n'kuligula mu 2006. Imaonetsa chilichonse chimene pulogalamu iliyonse ikuchita ndi mafayilo, pa nthawi imene ikuchita. Itengeni pa tsamba la Microsoft lokha. Ndi ya mamegabayiti ochepa, bandulo yanu sidandaula, ndipo siifuna kuikidwa: mumasula zip, n'kudina Procmon.exe, n'kuvomera kuti iyende ngati Administrator.

Ikatseguka mudzaona mizere ikuthamanga masauzande pa sekondi. Musachite mantha, kompyuta imakhala yotanganidwa choncho nthawi zonse. Dinani Ctrl ndi E kuti iime, kenako Ctrl ndi X kuti ipukute zimene yasonkhanitsa.

Tsopano sefa. Dinani Ctrl ndi L. Pamwamba pali timabokosi tinayi tondondozana. M'koyamba sankhani Path, m'kachiwiri contains, m'kachitatu lembani dzina la fayilo yanu, m'kachinayi musiye Include. Dinani Add, kenako OK. Anthu ambiri amaiwala Add, n'kumadabwa kuti sefa sakugwira. Ndiye pitani pa Filter pamwamba, chongani Drop Filtered Events. Mukapanda kutero, mizere imene simukuiona imasungidwabe kuseri, ndipo pakatha ola limodzi kompyuta ya RAM yochepa iyamba kupuma movutikira.

Dinaninso Ctrl ndi E kuti iyambe kumvetsera. Fufutani fayilo ija. Muona mizere ingapo ya Explorer.EXE, ameneyo ndi inu mukufufuta, mupukuteni ndi Ctrl ndi X. Kenako chitani chimene munapeza kuti chimaibweretsa, kapena ingodikirani. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ine ndimapita kukamwa tiyi.

Fayilo ikabwera, bwererani. Mizere idzakhala yambiri kuposa mmene mukuyembekezera, chifukwa fayilo ikangobadwa, antivayirasi amathamangira kudzainunkhiza, SearchIndexer amabwera kudzailemba m'kaundula, Explorer amadzaijambula. Onsewa ndi odzaona maliro chabe. Komanso mawu akuti CreateFile asakunamizeni, Windows imawagwiritsa ntchito ngakhale pongotsegula fayilo imene ilipo kale. Funani mzere woyambirira umene kumapeto kwake, pa Detail, palembedwa OpenResult: Created, kapena mzere wa WriteFile. Dzina limene lili pa Process Name pa mzere umenewo ndiye wolembayo.

Dinani mzerewo kawiri, pitani pa tsamba la Process. Muona foda imene pulogalamuyo imakhala, kampani imene inaipanga ngati yatchulidwa, ndi Command Line. Mzere wa Command Line ndi wofunika kwambiri pamene dzina latuluka ndi la wantchito wongotumidwa, monga wscript.exe, powershell.exe, cmd.exe kapena svchost.exe. Amenewa ndi a Windows, musawafufute. Ali ngati wakabaza: wanyamula katundu, koma mwini katundu ndi wina. Command Line imakuuzani amene wamutuma, mwachitsanzo fayilo ya .vbs yokhala mu AppData, foda yobisika imene mapulogalamu amasungamo zawo. Mukadina Ctrl ndi T muona mtengo wonse wa amene anabala mnzake.

Nanga ngati fayilo imabwera pa nthawi yoyatsa, inu musanatsegule kanthu? Ndi mmene zinalili kwa mayi aja. Pitani pa Options, chongani Enable Boot Logging, fufutani fayilo, chitani Restart. Kompyuta ikadzuka dikirani mpaka fayilo ionekere, ndiye mutsegule Process Monitor. Ikufunsani ngati isunge zimene inalemba poyaka, vomerani, muipatse dzina. Musachedwe kuitsegula, chifukwa kaundulayu amafufuma msanga mpaka magigabayiti. Ikani sefa yemwe uja.

Kwa ife munatuluka kapulogalamu kothandizira pulinta. Nditawaonetsa dzina, mayiwo anaseka. Pulinta imeneyo inafa chaka chatha, sukulu inagula ya mtundu wina, koma kapulogalamu kake kanatsala. M'mawa uliwonse kankadzuka, kufunafuna pulinta, kuisowa, n'kulemba dandaulo pa desktop. Tinakachotsa kudzera pa Settings, Apps, ndipo chiwanda chinathera pomwepo.

Chachisanu ndi chimodzi: amamudzutsa ndani?

Ngati wolembayo ndi pulogalamu imene simuifunanso, ichotseni mwa njira yake ya Uninstall, osati kufufuta foda yake. Ngati mumaifuna, fufuzani m'ma settings ake malo amene imasungira logi. Koma ngati sikupezeka pa mndandanda wa Apps, muyenera kupeza chimene chimaiyatsa.

Malo oyamba ndi Task Manager, Ctrl ndi Shift ndi Esc, tsamba la Startup. Achiwiri ndi foda ya Startup: dinani batani la Windows ndi R, lembani shell:startup. Achitatu, amene ambiri amawalumpha, ndi Task Scheduler, mumaitsegula polemba taskschd.msc pamalo pomwepo. Dinani Task Scheduler Library, yerekezani Last Run Time ndi nthawi imene munalemba papepala ija. Fayilo imene imabwera pa nthawi yofanana tsiku lililonse, kapena ola lililonse, kawirikawiri mwini wake ali muno. Tsamba la Actions limaonetsa chimene chimayendetsedwa.

Malo onsewa pamodzi ndi ena ambiri, kuphatikizapo a mu registry (kaundula wa ma settings a Windows), amaoneka pa tsamba limodzi mu Autoruns, ya a Sysinternals omwewo. Iyendetseni ngati Administrator, pa Options chongani Hide Microsoft Entries kuti mndandanda ufupike. Mizere yachikasu ndi ya mafayilo amene kulibenso, yofiirira ndi imene wopanga wake sanatsimikizike. Chimene mukuchikayikira chichotseni chongi chabe, musachifufute, kuti ngati mwalakwitsa mubwezere. Ndinaonapo munthu atazimitsa dalaiva wa kiyibodi mwa changu chotere.

Process Monitor ikakukanikani, pali njira ya pang'onopang'ono. Dinani batani la Windows ndi R, lembani msconfig, pitani pa tsamba la Services, chongani Hide all Microsoft services, dinani Disable all, zimitsaninso za pa Startup, chitani Restart. Fayilo ikaleka kubwera, yatsani theka la zimene munazimitsa, yesaninso, kenako theka la thekalo, mpaka atatsala mmodzi. Imatopetsa koma imafikitsa. Mukamaliza kumbukirani kuyatsa zotsalazo.

Ikakhaladi vayirasi

Imene imativuta kwambiri kuno ndi ya mashotikati, ndipo njira yake ndi yodziwika: fulashi yapita kukapulinta ku steshonale, yabwera mafoda onse asanduka mashotikati, tizizindikiro tokhala ndi timivi tongoloza kwina, mukafufuta timivito tikubweranso. Mafayilo anu sanafe, angobisidwa. Kale mavayirasi a pa fulashi ankadalira autorun.inf, koma Microsoft inatseka khomo limenelo pa Windows 7 mu 2009, ndi pa XP ndi Vista kudzera mu update ya mu February 2011. Ndiye anasintha njira. Tsopano amadikira inuyo mudine kashotikati kooneka ngati foda yanu, kamene kamatsegula fodayo kuti musakayike, uku kakuyendetsa vayirasi kuseri.

Cholakwika cha ambiri ndi kutsuka fulashi pa kompyuta imene ili yodwala. Imadetsedwanso musanaizule. Yambani ndi kompyuta. Zulani fulashi, zimitsani intaneti. Mu Task Manager, tsamba la Details, funani wscript.exe, muithetse ndi End task. Mu Autoruns chotsani chongi pa mzere umene ukuloza fayilo ya .vbs kapena .js ya mu AppData kapena Temp, kenako kafufuteni fayiloyo. Ndiye lumikizani intaneti, lolani Windows Security itenge ma update ake, pitani pa Virus & threat protection, Scan options, sankhani sikani ya offline ya Microsoft Defender. Kompyuta izima n'kudzisanthula Windows isanadzuke, pamene vayirasi sinathe kubisala. Imatenga pafupifupi mphindi 15, ndiye onetsetsani kuti batire ili ndi moto. Ngati disiki ili yokhomedwa ndi BitLocker, loko wa Windows woteteza za pa disiki, pezani kaye kiyi wake wa manambala 48 mu akaunti yanu ya Microsoft musanayambe izi kapena kulowa mu Safe Mode (kuyatsa Windows ndi zofunika zokhazokha), chifukwa nthawi zina amafunsidwa.

Kompyuta ikayera, lowetsani fulashi, osadina chilichonse m'kati. Onani chilembo chake, tinene kuti ndi E. Tsegulani Command Prompt, windo lolembamo malamulo, lembani attrib -h -r -s /s /d E:\*.* n'kudina Enter. Onetsetsani chilembocho kawiri, lamulo limeneli musaliyendetse pa C. Mafoda anu aonekeranso, nthawi zina ali m'kati mwa foda yopanda dzina. Fufutani mashotikati onse ndi mafayilo a .vbs, .js kapena .exe amene si anu, koperani zanu pa kompyuta, fomatani fulashi, bwezerani. Mawa mukapita kukapulinta, tumizani PDF pa WhatsApp kapena pa imelo, fulashi itsale kunyumba.

Ngati vayirasi ikubwerabe pambuyo pa zonsezi, onani mapulogalamu othyoledwa amene muli nawo, ndi tija totsegulira Windows kapena Office mwachinyengo. Ambiri amabwera ndi mlendo m'thumba, ndipo mukawayendetsa amamubweretsanso. Walira mvula walira matope. Pamenepo, ndi pamenepo pokha, ndimavomera zofomata, titasunga kaye makalata ndi zithunzi, kenako mapasiwedi onse a imelo, Facebook ndi banki asinthidwe pa makina ena oyera. Kumbukiraninso kuti Windows 7 inasiya kulandira zigamba za chitetezo pa 14 January 2020, ndipo thandizo lanthawi zonse la Windows 10 linatha pa 14 October 2025, choncho kubwezera Windows yakale yomweyo kumasiya makomo ena otsegula.

Ikakhala yosavulaza koma yosachotseka

Nthawi zina wolembayo mwamupeza, ndi pulogalamu imene simungagwire ntchito popanda iyo, ndipo ilibe poizimitsira logi. Pali njira ziwiri. Yosavuta ndi kudina Properties n'kuchonga Hidden, kenako kuchotsa chongi pa Hidden items kuti isamaoneke. Ina ndi kutseka dzenje: fufutani fayiloyo, pamalo pomwepo pangani foda yokhala ndi dzina lomwelo ndendende, ndi mchira womwe. Windows silola fayilo ndi foda kukhala ndi dzina limodzi pamalo amodzi, ndiye pulogalamuyo ikafuna kulemba imalephera. Akale a m'makafe ankapanga foda yotchedwa autorun.inf pa fulashi iliyonse pa chifukwa chomwechi. Mapulogalamu ambiri amangopitirira osadandaula, koma ena amakana kutseguka, ndiye yesani kaye tsiku limene mulibe ntchito yachangu, ndipo ikakana, fufutani fodayo zinthu zibwerere mmene zinalili.